Kapinga wanga akuuma zigamba zigamba, nditani?

FUNSO: Ndinadzala kapinga pakhomo chaka chatha ndiye anagwira bwinobwino, koma kuyambira Januwale wayamba kuuma zigamba zozungulira ngati lichero, zina mpaka zalumikizana. Ndathira urea kawiri koma zikungoipiraipira, kuthirira timathirira madzulo aliwonse. Ndi chiswe kapena? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, urea ameneyo muyambe mwamusunga kaye, ngati ndi fangasi (matenda a chuku) ndiye mukungomudyetsa. Mawa mulawirire mame asanaume, muwerame m'mphepete mwa chigamba chimodzi. Mukaona timaulusi toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo mukakoka udzu masamba akungothothoka ali owola kumunsi koma mizu ili nganganga, ameneyo ndi fangasi. Chiswe chimamata dothi pa udzu, simungachiphonye. Mkodzo wa galu nawo umaotcha pakati koma m'mbali mumabiriwira kwambiri.

Ine ndikukayikira kuthirira kwanuko. Januwale ku Lilongwe kukutentha, mvula ili pakati, inu mukuonjezeranso madzi madzulo ndiye udzu ukugona chinyowere usiku wonse, fangasi amafuna zomwezo basi. Dzinja lino paipi ipume. Chilimwe muzithirira m'mawa, kawiri pa sabata koma madzi okwanira kulowa pansi.

Tsopano dothi, pamene ambiri safuna kugwirapo chifukwa ndi ntchito yotopetsa. Katondo wopondedwa ndi ana komanso galimoto amalimba ngati simenti, madzi amangodikha pamwamba mizu osapuma. Tengani foloko ya kudimba mubaye mabowo masentimita 10 kuya ponseponse, mupale zinyalala za udzu wakufa ndi reki, kenako muwaze mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa owola bwino, pang'ono chabe nsonga za kapinga zizioneka. Manyowa a nkhuku aawisi ayi, amaotcha. Laimu musathire mongomva kwa aneba, kapinga amakonda pH (muyezo wa asidi m'dothi) ya 6 mpaka 7 ndiye tengani dothi mukapimitse ku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, si kutali ndi kwanuko.

Zikapitirira poperani Dithane yemwe uja wa matimati, mutsate muyezo wa pa paketi, muvale magolovesi ndipo ana ndi nkhuku asapondepo mpaka paume. Podula musamete mpala, ndipo chikwakwa muzichitsuka mukachoka pa zigambazo. Fetereza mudzabwerere udzu ukayamba kuphukanso.