Carlsen pansi, Yakubboev pamwamba: kodi tebulo la mpikisano wa open limanama?

Wowerenga wina amene wayamba kumene kutsatira tchesi wandilembera pa imelo. Wakhala akubwereza magemu a Qatar Masters ya 2023, ndipo zimene waona zamuzunguza mutu. Funso lake mwachidule ndi ili: "Magnus Carlsen ndiye anali nambala wani padziko lonse. Nanga zinatheka bwanji kuti asapezeke ngakhale pa anthu khumi oyambirira, chikho n'kupita kwa mnyamata amene dzina lake sindinalimvepo? Ena akuti anamubera ndi wotchi, ena akuti okonza mpikisano amachita kusankha woti asewere ndi uje. Zoona ndi ziti?"

Akulu, tiyambe ndi zimene zinachitika ku Qatar mu Okutobala 2023. Osewera analipo opitirira 150, ndime zinali 9. Anyamata awiri a ku Uzbekistan, Nodirbek Yakubboev ndi Nodirbek Abdusattorov, anamaliza ndi mapointi 7 aliyense. Anawakhazika pansi kuti alekanitsidwe ndi magemu a blitz, aja othamanga ndi nthawi, ndipo Yakubboev anapambana. Carlsen anathera pa mapointi 6 atagonja kawiri: ndime yachiwiri kwa Alisher Suleymenov wa ku Kazakhstan, ndime ya 7 kwa Karthikeyan Murali wa ku India. Mpikisano womwewu Carlsen anaupambanapo mu 2015, choncho sikuti bwaloli linali lachilendo kwa iye.

Onani kusiyana kwake. Pakati pa wotenga chikho ndi Carlsen panali pointi imodzi yokha. Gemu imodzi. Koma m'mpikisano wa anthu ambiri chonchi, m'kati mwa pointi imodziyo mumadzaza gulu, ena a 6 ndi theka, ena a 6, moti munthu wotsalira pang'ono chabe amaoneka ngati watayika.

Mwina munazolowera mipikisano yoitanirana, monga Tata Steel ya ku Wijk aan Zee, kumene akatswiri 14 amasewera aliyense ndi mnzake aliyense. Kumeneko tebulo silibisa kanthu, chifukwa onse adutsa njira imodzi. Mpikisano wa open ndi wina. Khomo ndi lotsegula, amalowa ochuluka, ndipo sizingatheke kuti anthu 150 akumane onse m'masiku owerengeka. Ndiye amagwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa Swiss, limene linayambira ku Zürich mu 1895. Ndime yoyamba amadula mndandanda pakati potengera rating, nambala yosonyeza mphamvu ya wosewera, a kumtunda n'kukumana ndi a kumunsi. Kuchokera pamenepo, amene ali ndi mapointi ofanana ndiwo amakumana. Ukapambana, mawa akupatsa wina wopambana. Ukagonja, umatsika kukakumana ndi ogonja anzako. Anthu awiri sakumana kawiri, ndipo amayesetsa kuti zoyera ndi zakuda uzisinthasintha, osasewera mtundu umodzi katatu kotsatizana. Zonsezi imawerengera ndi kompyuta, woyang'anira masewero amangotsimikiza.

Apa pakuyankhanso za "kusankha" zija. Kudandaula kumeneku si kwatsopano, ndipo si ochemerera okha amene anadandaulapo. Ku Gibraltar mu 2017, Hou Yifan wa ku China, amene panthawiyo anali katswiri wa amayi padziko lonse, anaona kuti pa magemu ake 10, asanu ndi awiri anamupatsa amayi anzake. Zinamuwawa. Ndime yomaliza, akusewera ndi Lalith Babu, anasuntha dala zopanda pake, g4 kenako f3 (awa ndi mayina a malo a pa bolodi), ndipo atasuntha kasanu anagwetsa mfumu n'kunyamuka. Okonza anayankha kuti mndandanda unachokera m'kompyuta, palibe dzanja la munthu. Ine ndimawakhulupirira, pa chifukwa chimodzi: malamulo a Swiss ndi olembedwa poyera, ndipo aliyense wokhala ndi pulogalamu yake akhoza kulowetsamo zotsatira n'kuona ngati mayina akutuluka chimodzimodzi. Wobera pamenepa angagwidwe tsiku lomwelo. Chimene Swiss sangakulonjezeni ndi njira yofanana. Wina amafika pa mapointi 7 atalimbana ndi anamandwa okhaokha, wina amafika pomwepo atazembera m'mbali. Pali mpaka nthabwala ya osewera yakuti kugonja ndime yoyamba ndi nzeru, chifukwa masiku otsatira amakupatsa ofooka, n'kudzatulukira kutsogolo anzako atatopetsana.

N'chifukwa chake patebulo pamakhala timizere tina kumanja kwa mapointi, timene ambiri satiwerenga. Kamodzi kamalembedwa Buchholz: amaphatikiza mapointi a anthu onse amene unasewera nawo, ndipo ngati iwo anachita bwino, iwe umakwera pamwamba pa anzako ofanana nawo mapointi. Kena ndi performance rating, kamene kamasonyeza kuti m'masiku amenewo unasewera ngati munthu wa mphamvu yanji. Mukaona anthu khumi ndi awiri onse ali ndi mapointi 6, wina pa nambala 9 wina pa nambala 20, dziwani kuti timizere timeneti ndito tawalekanitsa, ndipo nthawi zina chimene chakukweza ndi gemu ya anthu ena awiri imene yathera pakona ya holo iwe uli kale kuhotela.

Koma funso lanu lenileni ndi lakuti, munthu wamphamvu chonchija amagonja bwanji kwa wapansi pake. Apa ndipo pali nkhani.

Carlsen anafika ku Qatar ndi rating ya 2839. Suleymenov anali ndi 2512. Masamu a Arpad Elo, amene FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, inayamba kugwiritsa ntchito mu 1970, amati pa kusiyana kotere wamkuluyo akuyembekezeka kutenga pafupifupi mapointi 87 pa magemu 100. Sakunena kuti 100. Mapointi 13 otsalawo ndi a wamng'ono uja, ambiri mwa iwo kudzera m'magemu olepherana, ena kudzera m'kupambana kwenikweni. Tsiku lina lake amayenera kubwera, ndipo ku Qatar anabwera. Musaiwalenso kuti 2512 si munthu wamba. Ndi grandmaster, munthu amene moyo wake wonse ndi bolodi.

Tsono taganizirani zimene masamuwa amachita m'mutu mwa wamkuluyo. Ku Wijk aan Zee, Carlsen akalepherana ndi mnzake wa 2780, sataya kanthu kwenikweni. Onse awiri akhoza kunena kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, kugwirana chanza, aliyense theka lake. Koma mu open, akalepherana ndi wa 2500, rating yake imatsika ndi mapointi pafupifupi 4, akagonja pafupifupi 9, pamene kupambana kumangomupatsa imodzi ndi kadontho. Komanso chikho chimafuna mapointi 7 kapena 7 ndi theka mwa 9, choncho kulepherana kawirikawiri n'chimodzimodzi kulongedza katundu. Ndiye amakakamizika kufuna kupambana gemu iliyonse, ngakhale ali ndi zakuda. Amapewa njira zodziwika bwino zimene zimathera pa theka, amasankha zokhotakhota dala kuti mnzakeyo asochere. Nthawi zambiri zimagwira. Koma posokoneza mnzako umatsegulanso khomo la nyumba yako. Wamng'ono uja alibe chotaya: akagonja palibe angadabwe, akapambana dzina lake limveka dziko lonse.

Kaoneni gemu ya Suleymenov bwinobwino. Anali ndi zoyera. Anasonkhanitsa zida zake moyang'ana mfumu ya Carlsen, kenako anapereka kavalo pa f7, pakhomo penipeni pa mfumuyo, ndipo gemu inatha itangodutsa masuntho 30. Sikuti Carlsen anapunthwa pa kanthu kakang'ono nthawi itamuthera ayi. Anamenyedwa. Karthikeyan naye anachita chovuta kuposa pamenepo, anamugonjetsa ali ndi zakuda.

Tibwere ku wotchi ija, poti ndi imene inautsa mapiri pachigwa. Gemu itatha, Carlsen analemba pa X kuti wamenyedwa kotheratu, kuti sakuloza chala mnzakeyo, amene wasewera bwino kwambiri ndipo anayenera kupambana. Anaonjezera kuti atangoona wotchi padzanja la Suleymenov, maganizo ake anabalalika, ndipo anavomera kuti kulephera kudzigwira kumeneko ndi vuto lake. Mkwiyo wake unali pa okonza: magemu ankaulutsidwa pa intaneti nthawi yomweyo osachedwetsa, ndipo oonerera ankayendayenda m'holo ndi mafoni m'manja. Wotchiyo inali ya mivi wamba, osati zija zolumikizana ndi foni, ndipo woyang'anira anati yotereyo ndi yololedwa. Pambuyo pake okonza anakhwimitsa malamulo, n'kuyamba kuchedwetsa kuulutsa magemu.

Mawu akuti "sindikuloza chala" anasowa m'njira, otsala anali "wotchi". Kodi n'zodabwitsa? Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu Seputembala 2022, Carlsen anagonja kwa Hans Niemann ku Sinquefield Cup, n'kuchoka mumpikisano, kenako n'kunena kuti akumukayikira kuti amabera, nkhani n'kukafika kukhoti, Niemann akufuna madola 100 miliyoni, mpaka anagwirizana mu Ogasiti 2023. Anthu anali akadali ndi nkhani imeneyo m'makutu. Atangomva kuti Carlsen wagonjanso ndipo watchula za kubera, anamaliza okha chiganizocho.

Maganizo anga ndi awa. Pa za mafoni m'holo, Carlsen ananena zoona. Kubera kulipo ndithu, ndipo mipikisano ya open, yokhala ndi mabolodi ambirimbiri koma oyang'anira ochepa, ndiyo yovuta kulondera. Gaioz Nigalidze anagwidwa ku Dubai Open mu 2015 atabisa chida chokhala ndi pulogalamu ya tchesi kuchimbudzi. Igors Rausis anajambulidwa ku Strasbourg mu 2019 ali ndi foni kuchimbudzinso, ndipo FIDE inamuletsa kusewera zaka 6 n'kumulanda udindo wa grandmaster. Koma onani kuti onse awiriwo panali umboni wogwirika ndi manja. Pa Suleymenov panalibe chilichonse, ndipo mwini wake wogonjayo anatero. Chimene sindinakondwere nacho ndi nthawi imene Carlsen analankhulira. Munthu wa dzina lalikulu choncho amadziwa kuti mawu ake amalemera. Mnyamata wasewera gemu ya moyo wake wonse, ndiye m'malo moti anthu azikamba za kavalo wa pa f7, akukamba za wotchi ya padzanja lake. Dandaulo lomwelo likanapita kwa okonza ndime yoyamba isanayambe, likanagwira ntchito yomweyo popanda kudetsa munthu.

Ndiwonjezepo kanthu za ife oonerera. Masiku ano timaonera gemu kompyuta ili pambali, kamzere kaja kakukwera ndi kutsika kutiuza amene ali bwino. Wosewera akasuntha chimene Stockfish, pulogalamu ya tchesi ya pakompyutayo, sikufuna, timafuula kuti walakwitsa ngati mwana. Akasuntha chimene Stockfish ikufuna kangapo kotsatizana, timati wabera. Ndiye atani? Tazimitsani kamzereko tsiku lina, muyese kupeza nokha chosuntha pa mphindi zisanu, muone mmene bolodi limadera. Komanso gemu yoti mnzako wakutsegulira khomo, zosuntha zabwino zimakhala zoonekeratu kwa grandmaster aliyense, ndiye kufanana ndi kompyuta pa gemu imodzi sikutsimikiza kanthu. Akatswiri ofufuza za kubera amayang'ana magemu ambiri a munthuyo, osati imodzi imene yatipweteka mtima.

Nanga Yakubboev anayenera chikhocho? Eya. Dzina lake mwina linali lachilendo kwa inu, koma chaka cha 2022 anali mu timu ya Uzbekistan imene inatenga golide pa Olympiad, mpikisano wa matimu a mayiko, ku Chennai, limodzi ndi Abdusattorov yemweyo. Mwayi unalowapo? Unalowapo, monga umachitira mu open iliyonse. Polowa ndime yomaliza amene ankatsogola anali Arjun Erigaisi, ndi mapointi 6 ndi theka. Gemu yake ndi Abdusattorov inkaoneka kuti ithera pa theka, zimene zikanamufikitsa pa 7. Anasuntha rook, chida chooneka ngati nsanja, kamodzi kolakwika, rook n'kudyedwa ulele, basi zake zinathera pomwepo. Pa bolodi lina Yakubboev anagonjetsa Karthikeyan, yemwe uja anagwetsa Carlsen. Tebulo silinanamepo apa. Likunena amene anatola mapointi ambiri pa magemu 9 amene kompyuta inamupatsa. Za wamphamvu kuposa onse padziko limasiyira mndandanda wa FIDE, ndipo kumeneko Carlsen anakhalabe pamwamba mwezi wotsatira.

Mukadzatsegulanso zotsatira za open ina pa tsamba la pa intaneti la chess-results, dinani dzina la wosewera, muone mzere wa anthu amene anakumana nawo, rating zawo, ndi mtundu umene anasewera nawo pa gemu iliyonse. Kenako tsikani pansi pa tebulo. Ambiri amene amalowa mipikisano imeneyi safuna chikho ayi, amasaka norm. Kuti munthu akhale grandmaster amafunika ma norm atatu, ndipo iliyonse imatanthauza kusewera pa mlingo wa 2600 m'magemu osachepera 9, ena mwa iwo ndi ma grandmaster komanso osewera a mayiko ena, kuphatikizapo kufikitsa rating yake pa 2500. Open yodzaza akatswiri ngati ya ku Qatar ndi malo abwino opezera zimenezi. Pamene intaneti yonse inkakangana za wotchi, Vaishali Rameshbabu wa ku India, mchemwali wake wa grandmaster wotchuka Praggnanandhaa, anapeza norm yake yachitatu mu holo yomweyo, ali kutali ndi nsonga ya tebulo. Mwezi wotsatira anakapambana Grand Swiss ya amayi ku Isle of Man, ndipo mu Disembala anafikitsa 2500 ku Spain.