Ndikubwerako ku Joni ndi R60,000, ndigule Sienta kapena nditsegule golosale?

Funso: Ndinapita ku Joni ndili ndi zaka 21, pano ndili ndi 28. Ndimagwira ntchito yoika matailosi kwa bwana wina ku Germiston ndipo ndasunga R60,000. Ndatopa nazo zomangothawa apolisi poti masiku a mu pasipoti anatha kalekale, ndikufuna ndizibwera kwathu ku Mangochi. Amalume akuti ndigule Sienta mwana wawo aziyendetsa, mayi akuti golosale. Ndipange chani?

Achimwene, zonse ziwirizo ine ayi. Ndalama yanuyo Sienta yabwinobwino sikwanira, mugula yotopa kale yoti mwezi uliwonse ili kwa makaniko. Ndiye muwonjezerepo zoti woyendetsa ndi mwana wa amalume, madzulo aliwonse azibwera ndi nkhani, lero kunalibe anthu, lero atrafiki andidya, lero ndaswera pa mzere wa mafuta, inu mungoti chabwino chifukwa kumuchotsa ntchito ameneyo ndi kudana ndi mtundu wonse. Golosale nayo imaphedwa ndi kope la ngongole, makamaka mwini wake akakhala wochokera ku Joni, aliyense amati uyu sangadandaule ndi kapaketi ka shuga.

Chomwe chandidabwitsa n'choti zaka 7 mukuika matailosi koma pa mapulani onsewa palibe watchula matailosi. Kumudzi kuno anthu akumanga, pitani ku Area 49 ku Lilongwe kapena ku Chileka muone, ndipo dandaulo la eni nyumba ndi limodzimodzi, mmisiri wawononga matailosi odula, mizere yokhota, ukagogoda pansi pakulira ngati ng'oma poti simenti sanayale bwino. Munthu woika zowongoka samasowa ntchito. Ndipo makasitomala anu oyamba muli nawo konko, anzanu a ku Joni omwe akumanga nyumba ku Mangochi ndi ku Mzimba kudzera pa foni, akubedwa ndi abale tsiku ndi tsiku ndipo akusowa munthu yemwe amamudziwa nkhope. Musananyamuke tengani manambala awo, jambulani ntchito zomwe mwagwira, mabafa, makhitchini, zonse zikhale pa WhatsApp.

Zida gulani konko: chodulira matailosi chachikulu, grinder, levulo, drill yokandira. Malisiti musataye, pa boda ya Mwanza a MRA adzawafuna, ndipo funsiranitu za msonkho musanakweze katundu kwa transporter, osati kukadzidzimukira pa boda.

Ndalama yotsalayo musayende nayo m'thumba, njira ya Beitbridge, Nyamapanda mpaka Tete ndi yaitali ndipo akuba amadziwa kuti wobwerera kwawo wanyamula kanthu. Tumizani pa Mukuru kapena njira ina yovomerezeka, ilowe mu akaunti ya dzina lanu, osati ya mlongo kapena ya chibwenzi. Koma isagonenso nthawi yaitali ili makwacha. Kumbukirani kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022 kenako ndi 44% mu November 2023, amene anangosunga ku banki anadzuka ndalama yawo ikugula matumba a simenti ochepa. Patulani yodyera ndi ya lendi ya miyezi 6, chifukwa miyezi yoyamba ntchito imabwera mwa apo ndi apo, ina mulembetsere bizinesi kwa Registrar General kuti muzitha kupempha ntchito m'makampani omanga.

China chomwe ambiri sachiganizira. Poti masiku anatha, potuluka pa Beitbridge akudindani kuti ndinu wosafunika m'dzikomo ndipo chiletsocho chimatha kufika zaka 5. Ndiye maganizo aja oti zikandivuta ndingokwera basi kubwerera achotseni, pokhapokha mukufuna zolowera kutchire n'kukathera ku Lindela, komwe amatsekera anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo.

Za abale, musalengeze kuti mwabwera ndi zingati, ngakhale kwa amalume. Sankhiranitu ndalama yoti iyi ndi ya mayi, iyi ya moni kwa achibale, ikatha yatha. Mwana wa amalumeyo ngati akufunadi ntchito mutengeni azikukandirani simenti, muzimulipira pa tsiku ngati wina aliyense.