Wa zaka 5 ayi, wa zaka 8 mumuyeze kaye

Achemwali amene mwafunsa muno ngati ana anu a zaka 5 ndi 8 angakwere zokwera zikuluzikulu zija ku Gold Reef City, malo amasewera a ku Johannesburg, wa zaka 5 uyo ayi. Ayi ndithu. Wa zaka 8 mukhoza kumuganizira, koma mumuyeze kaye pakhoma kunyumba atavula nsapato musanakataye ndalama ku Gold Reef City mu December uno. Ndipo inu amene mukulemba muno kuti mwana amazolowera, mukwezeni basi, ndawerenga zonse ndipo manja akundinjenjemera, chifukwa mawu amenewo ndi omwe anandipwetekera mwana.

Wanga wamwamuna anali ndi zaka 6. Sikunali ku Gold Reef, kunali kwina, dzina ndilisiya. Tinapita gulu, ife, alamu anga ang'ono awo a bambo akunyumba, ndi mabanja ena akutchalitchi. Pakhomo pa chibwato chija chimapita uku ndi uku ngati katungwe, mnyamata woyeza anamubweza kuti sanafike pa mzere woyezera kutalika. Mwanayo sanadandaule n'komwe, anali atayang'ana kale kumwamba n'kubwera kudzandigwira diresi. Ine ndinatenga mlongo wake wamng'ono kupita naye kuchimbudzi, mzere wa azimayi mukuudziwa kutalika kwake. Pobwera, mwana kulibe, alamu kulibe. Kumbuyoku anamuvula nsapato, kung'amba katoni ya tchipisi, kupindapinda, kulonga m'nsapato zonse ziwiri, kumuuza kuti awongoke, n'kudikira mpaka oyeza atasinthana. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuchita kukhala pansi kukonza zimenezo.

Ndinawaona chibwato chitayamba kale kuyenda. Anakakhala kumapeto kwenikweni, kumene kumakwera kwambiri. Tsono mvetsani apa achemwali, chifukwa ambiri sadziwa. Chitsulo chotchinga pamiyendo chinali chimodzi mzere wonse, ndipo chimaima pamene chakumana ndi munthu wamkulu thupi. Alamu anga ali ndi chimimba chachikulu. Chinakaima pamimba pawo, kwa mwana kunatsala mpata woti chikwama cha kusukulu n'kulowa. Chibwato chikafika pamwamba pamakhala kamphindi koti thupi limapepuka, matako amachoka pampando. Ndinamuona mwana wanga akunyamuka. Kubwerera pansi, kupita mbali inayo, kunyamukanso. Sanalire, ndipo chimene chimandibwerera usiku n'chimenecho. Anthu onse akukuwa, ena akuseka, iye ali zii, kukamwa kuli yasa, maso ali tong'o, nkhope yachita mbuu. Timanja take tikufuna chitsulo koma chili patali. Alamu dzanja lina m'mwamba, lina lagwira foni, akudzijambula. Ine pansi ndikukuwa kuti imitsani, imitsani, Chingerezi chonse chitandithawa, nyimbo za amapiano zili pamwamba, ndani akanandimva? Mlongo wake naye wayamba kulira poona ine. Mayi wina wosamudziwa, wolankhula Chizulu, amene anakhala mbali inayo ya mwana, ndi amene anaona. Anamugwira lamba wa kabudula kumbuyo osamusiya mpaka chinthu chija chinaima. Mayi uja ngati ali moyo Mulungu amuonjezere masiku, ndinalephera ngakhale kumuthokoza bwinobwino, ndinangomugwira dzanja.

Potsika miyendo inakana. Kabudula atanyowa, nsapato imodzi itavuka, makatoni aja akuonekera. Anasanza pomwepo pamaso pa anthu, tchipisi ndi zakumwa zofiira zija. M'mawa mwake khosi silinkatembenuka. Kuchipatala anati ndi minofu chabe, koma adokotala anandifotokozera kuti mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake pomwe khosi silinakhwime, ndiye kugwedezeka kumene wamkulu amangokuseka iye kumamukoka zenizeni.

Alamu? Akuti mwamuna salira. Akuti ndikumulera ngati mtsikana. Madzulo omwewo vidiyo ili pa status ya WhatsApp ndi tinkhope toseka, kabudula wonyowa akuoneka. Inakafika mpaka kumudzi ku Ntcheu, apongozi kuimba foni akuseka kuti mdzukulu wawo ndi wamantha ngati amayi ake. Bambo akunyumba ali duu, akuti musakulitse nkhani, ndi mng'ono wanga. Mng'ono wanu ndiye anachapa kabudula? Mng'ono wanu ndiye ankadzuka pakati pa usiku mwana akukuwa kuti akugwa? Mwanayo anafika pokana lifiti, pokana masitepe oyenda okha a ku mall, taxi ikatsetsereka pang'ono amandikanda mwendo mpaka kutuluka magazi. Alamuwo kupepesa mpaka lero kulibe. Munthu wake amene pa njinga ya kabaza kumudzi amauza woyendetsa kuti pang'onopang'ono aise.

Ndiye za Gold Reef zo. Zikuluzikulu zija malire ake ambiri ndi 1.3m, ndipo sayang'ana zaka, amayang'ana kutalika, chifukwa malamba ndi zitsulo anazipanga motengera thupi. Mwana wa zaka 5 amakhala cha m'ma 1.1m, wa zaka 8 cha m'ma 1.28m, ndiye wanu wamkuluyo akhoza kupereweza ndi chala chimodzi, n'chifukwa chake ndikuti muyezeretu kuti asakalire pamzere. Anaconda miyendo imalendewera m'malere ndipo imakutembenuzani chadodolido. Golden Loop imachoka ndi liwiro nthawi imodzi, kuzungulira chamtsogolo, kenako kubwereranso chambuyo. Tower of Terror ndiye musaiganizire n'komwe, imakugwetsani mamita pafupifupi 50 kulowa m'dzenje la mgodi, chifukwa malo onsewo anali mgodi wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines. Agogo athu a Wenela ankatsika maenje a ku Joni kuno kuti akapeze ndalama ya malata, ife tikulipira kuti atiponyemo, dziko ili. Koma kuli mbali ya ana ang'onoang'ono, tisitima, tigalimoto, ndi chigudumu chachikulu chija choyenda mwaulesi mumaona Johannesburg yense muli pamwamba. Wa zaka 5 tsiku limamuthera kumeneko osadziwa kuti waphonya kanthu. Chikwangwani cha pakhomo pa chilichonse muwerenge nokha, osatuma munthu.

Kutalika pakokha sikokwanira. Muimirire naye pansi aonere kaye anthu ena akukwera mpaka kutsika. Akamafunsa mafunso ambirimbiri, akufuna. Akangokhala chete n'kukumatirani, wakana, ngakhale pakamwa anene kuti eya poopa kusekedwa ndi anzake. Muonenso ngati amatha kumvera akauzidwa kuti gwira apa, mutu tsamiritsa kumbuyo, chifukwa m'mwambamo inu simungamuthandize. Ngati amasanza m'taxi kapena pa basi yopita kumudzi musanafike n'komwe pa Beitbridge, zozungulira zonse mumupewetse. Chizungulire chimabwera maso akamaona zina pomwe mkati mwa khutu mukumva zina, ndipo msinkhu wa ana a kupulayimale ndi umene chimavutitsa kwambiri. Adye mopepuka, tchipisi ndi zotsekemera zibwere pomaliza.

Osakakamiza mwana, ndabwereza. Komano musamusiyenso ndi mantha ake mpaka kalekale. Mlongo wake uja, amene analira pansi tsiku lija, atakula n'kufika pa mzere ankakana zamadzi zija za Raging River Rapids, ine ndinachita kumukoka dzanja n'kumulonjeza ayisikilimu, analira poyamba, pano ndi amene amatidzutsa kuti tipite. Ana ena amafuna kukankhidwa pang'ono. Koma wokankhayo akhale mayi wake amene amadziwa kalilidwe kake, osati aliyense wongofuna vidiyo. Ndipo wamwamuna uja sindinamuyesenso, amakhala pabenchi kusunga zikwama, ndipo aliyense womuseka amakumana ndi ine.

Mupite m'mamawa geti likangotsegulidwa, makamaka pakati pa sabata, chifukwa sukulu zikatsekera mizere imatalika ndipo mwana wotopa ndi dzuwa amalira zilizonse. December kuno mvula ya mabingu imakonda masana, ikayamba zazitali zija amaziimitsa, ndiye zofunikazo muyambirire. Zipewa, madzi, kabudula wapadera m'chikwama, nambala yanu mumulembe padzanja ndi peni. Mukafuna kuchimbudzi mutenge ana onse awiri, ngakhale mzere utalike bwanji, ngakhale wina anene kuti asiyeni ndiwaona. Makamaka akakhala wa kuchimuna.

Alamu anga akuti chaka chino tipitenso monga banja. Ndawayankha pagulu la banja kuti tikiti yawo ndigula ine ndi ndalama yanga, akakwere Tower of Terror okha mpando wakutsogolo, foni ndigwira ine pansi. Awerenga koma sanayankhe.