Kodi kochi angandichitire chiyani chimene ena sangachite?

Mayi ena andilembera imelo. Akwezedwa kumene pa ntchito ndipo tsopano akuyang'anira anthu omwe dzulodzuloli anali anzawo ocheza nawo. Kampani yawo yati iwalipirira kochi. Funso lawo ndi ili: "Ndili kale ndi bwana wanga wakale amene amandilangiza, ndipo mnzanga akuti ndikaonane ndi a uphungu poti masiku ano tulo tikundivuta. Nanga kochiyo adzachita chiyani chimene awiriwa sangachite?"

Mayi, nkhani yagona pa amene ali ndi yankho. Bwana wanu wakaleyo njira mukuyendayi anadutsamo kale, n'chifukwa chake akamakulangizani amayamba ndi mawu akuti "ine nthawi yanga ndinkatere." Consultant, katswiri amene kampani imamuitana kuchokera kunja, naye amabwera ndi ukatswiri wake, kuunika vuto, kulemba lipoti, n'kumapita. Kochi sabwera ndi yankho m'thumba. Mwina ntchito yanuyo sakuidziwa n'komwe. Luso lake ndi kufunsa ndi kumvetsera mpaka inuyo mutatulutsa zimene mumazidziwa kale koma mumazizemba.

Ambiri tikamva za kochi timaganiza za munthu wokuwa m'mbali mwa bwalo la mpira, ndipo n'zoona kuti ntchitoyi ili ndi mizu yake m'masewera. Timothy Gallwey, yemwe ankaphunzitsa tenesi ku America, anaona kuti osewera akachulukidwa malangizo amaumirira thupi n'kumaphonya. Iye ankangowauza kuti ayang'anitsitse mpira ndi kutchula pamene wagunda pansi ndi pamene aumenya, ndipo kamenyedwe kawo kankawongokera kokha. Analemba zimenezi m'buku lake la mu 1974. John Whitmore, amene kale ankachita mpikisano wa magalimoto ku Britain, anatengera nzeruyi m'makampani, ndipo buku lake la mu 1992 linatchukitsa njira yotchedwa GROW: mukufuna chiyani, zinthu zili pati panopa, mungachite ziti, ndipo mwasankha kuchita chiti.

Tiyerekeze mwamuuza kochi kuti mnzanu wapamtima amafika mochedwa tsiku lililonse ndipo mukulephera kumudzudzula. Bwana wanu wakale angati, "Muitanireni mu ofesi mawa lomwe." Kochi angafunse kuti, "Mukamuuza, mukuopa kuti chichitika n'chiyani?" Mukayankha kuti adzakuonani ngati mwayamba matama, iye n'kufunsanso, "Nanga enawo akamaona kuti mwangokhala chete, akukuonani bwanji?" Kenako zii. Kochi wabwino sathamangira kudzaza bata limenelo, amakusiyani muzilimbana nalo funsolo. Pomaliza mutchula nokha tsiku lomwe mukalankhule ndi mnzanuyo, ndipo mukadzakumananso adzayambira pomwepo: "Munalankhula naye?"

Komatu tisakokomeze. Ngati simukudziwa kukonza bajeti kapena zimene malamulo a ntchito amanena pa kuchotsa munthu, kochi akhoza kukufunsani mpaka dzuwa kulowa, simudziwabe. Pamenepo mufunika maphunziro kapena bwana wanu uja. Musamutaye.

Za tulozo ndi zimene ndikufuna muzimvetsetse. Anthu amakonda kunena kuti uphungu umakumba zakale pamene kochi amayang'ana kutsogolo. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni, chifukwa aphungu ambiri amathandiza munthu pa zimene akukumana nazo lero lomwe. Malire enieni ndi matenda. Phungu wa zamaganizo kapena dokotala anaphunzira kuzindikira ndi kuchiza matenda a nkhawa, kuvutika maganizo ndi mabala a mumtima. Kochi sanaphunzire zimenezo. Ngati kusowa tuloko kwapitirira masabata awiri, chakudya sichikukoma, ndipo zomwe munkasangalala nazo sizikukukhudzaninso, mverani mnzanu uja akuti mukaonane ndi a uphungu. Kochi woona mtima akaona zizindikiro zotere amakutumizani yekha kwa odziwa, ndipo palibe choletsa kuonana ndi onse awiri.

Chenjeraninso posankha, pakuti m'mayiko ambiri mulibe lamulo loletsa munthu kudzitcha kochi. Wina akhoza kugona ali wamalonda n'kudzuka ali kochi pa Facebook. Bungwe la International Coaching Federation, lomwe Thomas Leonard anayambitsa mu 1995, limapereka ziphaso: choyambirira, ACC, chimafuna maola 60 a maphunziro ndi maola 100 ogwira ntchitoyo, pamene chotsatira, PCC, chimafuna maola 125 ndi 500. Chiphaso sichitsimikiza kuti munthuyo mudzagwirizana naye, koma chimasonyeza kuti pali malamulo omwe analonjeza kutsata. Pemphani kucheza naye kaye musanavomere, ndipo muone amene akulankhula kwambiri. Akakhala iyeyo, funani wina.

Poti olipira ndi akampani, funsani pachiyambi pomwe, mabwana anu ali pomwepo, kuti ndi ziti zimene kochiyo azikawauza ndi ziti zimene zizithera pakati pa inu awiri, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Simungamasuke kunena kuti mukuchita mantha ndi udindo watsopanowu ngati mukukayikira kuti mawuwo akafika pa desiki ya amene anakukwezani.