Shuga akasungunuka m'madzi amapita kuti? Yankho kwa aphunzitsi a ku Ntcheu

Aphunzitsi ena a pulayimale a kufupi ndi Tsangano, m'boma la Ntcheu, anandilembera imelo kufunsa mmene angaphunzitsire ana za kusungunuka ndi kusukuluka kwa zinthu m'madzi, poti sukulu yawo ilibe zipangizo za sayansi ndipo ana amaumirira kuti shuga akathiridwa m'madzi ndiye kuti watha.

Aphunzitsi, ine ndikuona kuti muyambe ndi mawu enieniwo. M'Chichewa timati matalala asungunuka, timatinso shuga wasungunuka mu tiyi, chonsecho izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Matalala amasanduka madzi chifukwa cha kutentha, pomwe shuga amagawikana kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso n'kumwazikana m'madzi monse, koma akadali shuga yemweyo. Mwana amene sanasiyanitse ziwirizi adzaloweza tanthauzo la m'buku osalimvetsa, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa kusowa kwa zipangizo.

Kuti ana aone okha kuti chosungunuka sichinathe, sungunulani mchere m'madzi aukhondo, alaweko, kenaka thirani pang'ono pa mbale yachitsulo n'kuyanika padzuwa. Madzi akauma mchere udzatsala pa mbalepo, ndipo funso lawo lidzayankhika popanda inu kulankhula zambiri. Mukatero apatseni ufa ndi mchenga kuti atakase m'mabotolo. Madzi a ufa amayera ngati kuti ufawo wasungunuka, koma akakhala kanthawi umadikha pansi monga umachitira thobwa, ndipo nsalu imaugwira posefa, pamene madzi a mchere amadutsa ndi mchere wake womwe. Afunseninso mmene amayi awo amachezera chidulo chophikira therere: madzi amatenga mbali ya phulusa imene imasungunuka, zotsalazo n'kukhala m'chosefera. Sayansi imeneyi anaiona kale kunyumba, ngakhale kuti palibe anawauza dzina lake.

Madzi alinso ndi malire. Mamililita 100 a madzi wamba amasungunula pafupifupi magalamu 36 a mchere, ndipo wowonjezera umangokhala pansi ngakhale mutakase motani, pomwe shuga amafika pafupifupi magalamu 200. Kuzizira kwa kwanuko mu Juni kukuthandizeni: yerekezani madzi ogona mu ndowa ndi madzi ofunda, ana awerenge kuti atakasa kangati shuga asanasowe.

Kusukuluka n'kosavuta. Thirani kachivindikiro kamodzi ka Sobo m'makapu atatu, muonjezere madzi ochepa m'yoyamba, ochulukirapo m'yachiwiri, n'kudzaza yachitatu. Mtundu ndi kutsekemera zimachepa, koma Sobo ndi wofanana m'makapu onse.

Pomaliza pa phunzirolo bweretsani paketi ya Thanzi ORS ndi botolo la lita imodzi, chifukwa ana ambiri a msinkhu umenewu ndiwo amalera azing'ono awo makolo akapita kumunda wa mbatatesi. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Madzi akachepa mchere umachuluka ndipo ungathe kuvulaza mwana wotsekula m'mimba, koma akachulukitsa mankhwalawo amasukuluka n'kulephera kubwezeretsa bwino mchere umene thupi lataya. Mwana aliyense ayeze yekha lita imodziyo ndi manja ake musanatseke phunziro.