Lenikoti ya ana opita kuphiri: yankho kwa mayi a ku Mpondasi

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a kuno ku Mangochi, cha ku Mpondasi. Akuti ana awo awiri, wamkazi wa zaka 10 ndi wamwamuna wa zaka 13, akupita ku Mulanje ndi kalabu ya zachilengedwe ya kusukulu kwawo pa tchuthi cha Epulo, akagona kuphiri masiku atatu atabereka zikwama zawo. Papepala la zofunika aphunzitsi alembapo jekete ndi buluku zosalowa madzi. Funso lawo nali: "Kodi ndingowagulira malenikoti okhuthala aja amavala a kabaza a njinga zamoto? Nanga bulukulo ndi lofunikadi kapena aphunzitsi angowonjezera?"

Amayi, zikomo pondifunsa nthawi ikadalipo. Ndiyankha motalikirapo chifukwa nkhaniyi imandikhudza.

Choyamba muiwale kaye mvula ya kuno kwathu. Kuno mwana akanyowa pochokera kusukulu amangofika nkusintha, mwinanso zovala zimaumira mthupi momwemo asanafike pakhomo, kutentha kwa ku Mangochi mukukudziwa. Ife tili mmunsi, nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, pomwe pamwamba pa Mulanje pamene pali tinyumba togona alendo ngati Chambe ndi Lichenya ndi cha mma 1,800 mpaka 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa ndi 3,002. Mukakwera mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye werengani nokha, ana anu akakhala pamalo pozizira ndi madigiri 8 kapena 9 kuposa kunyumba, kuwonjezapo mphepo ndi chifunga. Epulo ndi kumapeto kwa dzinja koma kuphiri mvula simayang'ana kalendala, imatha kubwera masana dzuwa likuswa mtengo mmawa. Ndipo kuyambira cha mu Meyi kumabwera chiperoni, mawawa ozizira aja ochokera mbali ya Mozambique amene amatha masiku osakata. Mwana wobadwira kunyanja thupi lake silinazolowere zimenezo.

Tsono za malenikoti a kabaza. Amenewo madzi salowa, zoona, ambiri ndi a pulasitiki yotchedwa PVC, koma anawapangira munthu amene wakhala pa njinga osati amene akukwera chitunda. Wa kabaza mphepo imamuomba ndipo sakutuluka thukuta kwenikweni. Mwana amene akuchoka pa Likhubula, mmunsi mwa phiri la Mulanje, kukwera maola angapo ndi chikwama kumsana amatentha ngati mbaula, thukutalo lilibe potulukira, ndiye pofika pamwamba malaya amkati anyowa ngati wagwera mu Shire pomwe mvula sinamukhudze nkomwe. Ndinaziona ndi maso anga zaka zingapo zapitazo nditatenga mwana wa achemwali anga ku Zomba pamwamba pa phiri, ndinamuveka yokhuthala imeneyo ndikuganiza kuti ndamuteteza, titaima kuti tidye anayamba kunjenjemera mano kugundana, milomo kusintha, kumufunsa akuyankha mochedwa ngati ali mtulo. Nditatsegula zipi sikipa yake ya thonje inali yofinya madzi. Ndinamuvula pompo, kumuveka juzi yanga youma, kumumwetsa tiyi wa mfulasiki, ndipo anabwerera bwinobwino koma mantha a tsiku limenelo sindinawaiwale. Kuphiri chimene chimapweteka mwana ndi kuzizidwa atanyowa, kaya wanyowa ndi mvula kaya ndi thukuta lake lomwe.

Ndiye chomwe mukufuna ndi jekete yopepuka ya nayiloni kapena poliyesitala imene mkati mwake anaimata kachikopa kotchinga madzi. Zina zimalembedwa Gore-Tex, zimenezo zili ndi timabowo ting'onoting'ono kwambiri moti dontho la madzi silingadutse koma nthunzi ya thupi imatuluka. Yatsopano ndi yodula zedi ndipo kwa mwana amene chaka chamawa akhala atakula sindingakuuzeni kuti mutayepo ndalama. Pitani pa kaunjika, makamaka tsiku lotsegula belo la majekete, zimapezeka, nthawi zina ogulitsawo amaziika mulu umodzi ndi majekete wamba.

Apa ndi pofunika kufatsa, musagule ndi maso okha. Itembenuzeni jeketeyo kunja kukhale mkati muone misoko. Singano iliyonse imasiya bowo, ndiye jekete yeniyeni ya mvula misoko yake yonse anaimata ndi katepi kosalala mkati, pamapewa, mchipewa, mmikono. Ngati mukuona ulusi uli pamtunda popanda tepi, imeneyo ndi jekete ya mphepo chabe, mvula ikalimba madzi adzalowera pamapewa pomwe malamba a chikwama amakanikiza. Kenako pekesani mkatimo ndi zala, ikamagwetsa tizinthu toyera ngati mfundu za mmutu, kapena ikumata mmanja, kapena ikununkha fungo lowawasa, kachikopa kaja kanatha kale, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji. Njira ina ndi kuika nsaluyo pakamwa nkuuzira mwamphamvu, mpweya ukamadutsa mosavuta ndiye kuti madzinso adutsa. Ine ndimapita ndi kabotolo ka madzi nkupempha wogulitsa kuti ndithirepo pang'ono pamkono, ambiri savuta. Pa lebulo mukaona nambala ngati 5,000mm kapena 10,000mm akunena mphamvu yotchinga madzi, ya 5,000 imakwanira mvula wamba, ya 10,000 ndiye bola kwa munthu wobereka katundu.

Zipi ikhale yoyenda bwino ndipo ikhale ndi kansalu kophimba pamwamba pake. Chipewa chikhale ndi chingwe chomangira, apo ayi mphepo imangochikankhira kumbuyo. Kutalika ifike mpaka kuphimba matako.

Za saizi, ndikudziwa mmene timachitira makolo, timagula chachikulu kuti akulire momwemo. Onjezani saizi imodzi basi kuti juzi ilowe mkati, koma musafike poti manja abisika, chifukwa njira za ku Mulanje pali malo ena ofuna kugwira miyala ndi mizu, mwana manja ali mmikono yolendewera akhoza kuterereka. Mtundu sankhani wowala, wofiira, wachikasu kapena wa olenji. Chifunga chikatsika munthu amene ali mamita ochepa patsogolo saoneka, aphunzitsi ndi owatsogolera aziwaona msanga ana anu.

Bulukulo aphunzitsi sanawonjezere ayi. Pamwamba paja ndi udzu wautali, ngakhale mvula itakata udzu umakhala wonyowa ndi mame mpaka mmawa wonse ndipo umapukutira madzi onse mmiyendo, madziwo amatsikira mmasokosi nkulowa mu nsapato, kenako matuza. Buluku la mvula lopepuka la lastiki mchiuno ndi lokwanira, ngati lili ndi zipi kumapazi ndi bwino koposa poti mwana amalivala osavula nsapato. Lisakhwekhwereze pansi, ngati latalika telala alipinde kumapazi kokha, asasoke pena paliponse chifukwa aboola. Mukasowa ndalama ya zonse ziwiri yambani ndi jekete yabwino, buluku ndiye mukhoza kutenga la PVC lija la kabaza, miyendo situluka thukuta ngati msana, bola azilivala mvula ikayamba osati ulendo wonse. Jinzi yokha ndiyo ayi, isapite nkomwe. Ikanyowa imalemera, imakhula mntchafu ndipo singaume mpaka abwerere ku Mangochi.

Ndipo zamkati nzofunika ngati jekete yomweyo. Thonje limasunga madzi. Chinthu chabwino chomwe mwina muli nacho kale mnyumba ndi jezi ya mpira, kaya ya Bullets kaya ya Wanderers kaya ya timu yakunja, nsalu yake ndi poliyesitala imauma msanga. Pamwamba pake juzi yaubweya kapena ya fulisi (nsalu yofewa yofunda ija ya poliyesitala), kenako lenikoti. Auzeni kuti pokwera chitunda ngati mvula kulibe lenikoti ikhale pamwamba penipeni mchikwama, akaima kupuma avale msanga thupi lisanazizire. Ana amachita manyazi kuimitsa gulu kuti avale kapena kuvula, makamaka wamkazi wa zaka 10 pakati pa akuluakulu, ndiye mumuuziretu mlongo wakeyo kuti azimuyang'ana, akaona akunjenjemera kapena wangoti zii osayankhula, kapena akupunthwa pafupipafupi, auze aphunzitsi nthawi yomweyo.

Zikwama zambiri zimalowa madzi ngakhale zokongola. Ikani jumbo yaikulu yolimba mkati mwa chikwama, katundu yense alowe mmenemo nkumanga kukamwa. Zovala zogonera, masokosi ouma ndi bulangete zikhale mjumbo inanso yapadera, ndipo lamulo likhale loti zimenezo sazivala masana zivute zitani. Mtinyumba ta kuphiri mumakhala malo osonkhapo moto ndipo ana amathamangira kuyanika zonyowa pafupi, achenjezeni kuti nayiloni imasungunuka ndi kamoto kochepa, ayanike patali.

Akabwerako musaipinde yonyowa nkuiponya msutikesi. Kutentha ndi chinyontho cha kuno ndi zimene zimaononga kachikopa kamkati kaja msanga, ichapeni ndi manja ndi sopo pang'ono, osaikhula pamwala ngati mmene timachapira kunyanja, osathira mankhwala ofewetsa zovala, muitsukuluze bwino, iume pamthunzi, kenako muipachike pamalo podutsa mphepo.

Poti mvula ikadagwabe kuno, mukagula musadikire Epulo. Tsiku lina ikayamba avekeni zonse, jezi, juzi, lenikoti, buluku ndi chikwama chodzaza kumsana, ayende mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi nkubwerera. Akafika muwavule muone pomwe panyowa. Ngati ndi pamapewa kapena pazipi ndiye kuti jekete ikudontha, mukadali ndi nthawi yobwerera kumsika. Mudzandilemberenso mundiuze kuti ayenda bwanji, komanso kuti akagona Chambe kapena Lichenya.