Kodi Phiri la Mulanje Lingakweredwe mu Disembala?

Bambo wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera imelo kufunsa ngati kuli kwanzeru kuti iye ndi ana ake, pobwera kumudzi pa galimoto pa tchuthi cha Disembala, akakwere phiri la Mulanje kufikira pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo, ndi kugona m'matenti.

Bambo, kuphiriko bwerani ndithu, koma za Sapitwa muzisungire nyengo ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, chifukwa Disembala kuno ndi dzinja. Phiri la Mulanje ndi chimwala cha miyala yolimba ya mtundu wa granite ndi syenite chimene chinaumira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo chinatsala chili njo pamene miyala yofewa yochizungulira inaperepeseka. Thanthwe lotere likakhala louma limagwira nsapato bwino zedi, koma likanyowa, makamaka pamene pamera ndere, limaterera ngati therere. Komanso silimwa madzi, kotero mvula ikagwa kumtunda madzi onse amathamangira m'zigwa nthawi yomweyo, ndipo kamtsinje kamene munakadumpha m'mawa kangathe kukutsekerani njira masana.

Kuchokera pa nyumba yogonamo alendo ya Chisepo kukafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, munthu amakwawa pa matanthwe otsetsereka ndi kupyola m'mipata ya miyala, akutsata zizindikiro za penti zimene siziwoneka nkhungu ikatsika. Ngakhale m'nyengo yopanda mvula chiperoni chimabwera mwadzidzidzi, ndipo mu Julayi 2009 mlendo wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anafera m'phirimo atapita ku nsongayo popanda wolondolera njira. Pa chifukwa chimenechi ndikukupemphani kuti mukalembetse pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula ndi kutenga wolondolera, pamodzi ndi onyamula katundu ngati ana ali aang'ono.

Tenti isiyeni m'galimoto. Pamwamba pali nyumba zogonamo alendo monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila, zokhala ndi mlonda komanso pokolezera moto, ndipo usiku wa mvula ya mkuntho mudzathokoza denga la malata. Chakudya, zofunda zotentha ndi majasi a mvula muyenera kunyamula nokha. Nyamukani mbandakucha, popeza mvula imakonda kugwa masana, ndipo tsiku loyamba mulekezere pa Chambe, ulendo wa maola atatu kapena anayi, kumene ana adzakhutira ndi kuona khoma la thanthwe la nsonga ya Chambe. Njira ya Chapaluka, yodzera pa Dziwe la Nkhalamba, ndi yokongola koma imawoloka mitsinje, choncho wolondolerayo akanena kuti mudzere ya Skyline, ngakhale ili yotsetsereka, musamutsutse.

Wina akakutsatsani matabwa kapena nkhuni za mkungudza, chonde kanani, pakuti mtengo wa fuko lathu umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.